Zilembo Zimene Ndinakulitsira Jesca

Ndikanadziwa kuti chala changa chimodzi chidzaononga minda ya anthu ku Chipangali, tsiku limenelo ndikanachisiya m'thumba.

Ine ndine Philemon Tembo. Ndimakonza makompyuta pakampani ina yogulitsa mbewu muno mu Chipata. Jesca Mwale, amene ndakhala ndikumufuna ukwati kwa chaka ndi theka, amalandira makasitomala paofesi yomweyo. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, anzathu onse atapita kukadya. Ndinamupeza ali yekha, mphuno ili pafupi kukhudza sikirini.

"Ukuwerenga kapena ukununkhiza?" ndinamufunsa.

"Tseka chitseko, Philemon."

Sanaseke, ndipo Jesca akapanda kuseka nthabwala zanga ndiye kuti zinthu zavutadi. Anandiuza kuti diso lake lamanja lachita chifunga, lamanzere nalo layamba. Kuchipatala anamuuza kuti ndi ng'ala, ndipo anamulemba pamndandanda wa opaleshoni ya mu Febuluwale.

"Ng'ala pamsinkhu wanga, iwe! Matenda a agogo," anatero akupukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja. "Usauze munthu. Bwana akamva adzati ntchito yandikanika. Amalume akamva adzanditengera kumudzi. Azakhali ako akamva adzati wawabweretsera mtolo. Lumbira."

Ndinalumbira. Kenako ndinakoka mpando, ndinalowa m'pulogalamu imene kampani imalembamo katundu wake yense, n'kuyamba kumukulitsira zilembo. Ndinkakulitsa pang'onopang'ono iye akupukusa mutu, mpaka anati, "Apo! Manje ndikuona." Ukamaliza kusintha maonekedwe, pulogalamuyo imafunsa ngati zosinthazo zikhale pakompyuta imodzi yokha kapena pamakompyuta onse a kampani. Mabatani awiriwo ndi oyandikana. Jesca anandikoka khutu mwachikondi, ine ndinacheuka kuti ndimuone akumwetulira, chala n'kudina chokha.

M'mawa mwake ndinaona kuti zilembo zakula paliponse muofesi. Ndinayang'ana pasikirini ya uyu ndi ya uyo, zonse zinkakwana bwinobwino, anthu akuyamikira kuti pulogalamu yakongola masiku ano. Ndinangozisiya, ndipo kunena zoona ndinadzimva ngati katswiri.

* * *

Chotchinga chathu chinali chimodzi, ndicho a Whiteson Sakala, malume ake a Jesca. Ndiwo anamulera mayi ake atamwalira, ndipo ndiwo ankayang'anira depoti ya kampani yathu ku Chipangali. Kawiri konse ndinatumiza mawu kuti ankhoswe anga akufuna kubwera, kawiri konse yankho linali lakuti mvula iyambe yagwa. Kumbali ankauza Jesca kuti mwamuna wogwira ntchito ndi nsonga za zala sangadyetse banja. Anamvanso kuti ndinakhalapo pachibwenzi ndi Irene, mlembi wa bwana wathu, ndipo nkhaniyo anaisunga ngati mbewu.

Mvula inagwadi kumapeto kwa Novembala. Sabata yachiwiri ya Disembala, ndili pamzere wogula mafuta, foni inalira. Unali uthenga wa mawu, chifukwa Jesca anali atasiya kulemba mameseji.

"Amalume awaimitsa ntchito. Nsawa zimene anapereka kwa alimi sizinamere. Ati anatulutsa matumba okanidwa. Ndiimbire."

Nditamuimbira anali akulira. Matumba a mtedza amene alephera mayeso a kameredwe amakhala m'shedi yomweyo kudikira galimoto yodzawatenga. Woyang'anira depoti amayenera kuona nambala ya thumba pakompyuta, ndipo ngati ndi lokanidwa pamakhala mawu ofiira. A Sakala anapereka matumba makumi anayi oterowo.

"Akulumbira kuti panalibe chofiira chilichonse," anatero Jesca. "Palibe akuwakhulupirira. Pita ukaone, Philemon. Ukawapulumutsa, sadzakhalanso ndi pakamwa pokukanira."

Ndinavomera mwamsangamsanga. Mumtima ndinkaona kale ankhoswe anga atakhala pamphasa.

* * *

Lachinayi m'mawa ndinakwera minibasi ya ku Chipangali, kenako njinga yamoto imene inandimwaza matope mpaka m'khosi. A Sakala ndinawapeza atakhala panja pa depoti, chipewa chili pabondo, chifukwa makiyi anali atawalanda. Mlonda ndiye ananditsegulira.

"Mwabwera, a Tembo," anatero osandiyang'ana. "Lowani mukaone bodza langa."

Nditangoiona kompyutayo, ndinayamba kuzindikira chimene chinachitika. Kutauni tonse tili ndi masikirini atsopano otambalala. Ya ku Chipangali inali yakale, yaing'ono, imene ine ndemwe ndinaiiwala kuti iliko. Ndinaiyatsa. Zilembo za Jesca zinali pomwepo, zonenepa, zodzaza sikirini yonse. Mndandanda wa matumba umakhala ndi madanga asanu ndi awiri, koma ine ndinawerenga asanu ndi limodzi. Lomaliza, limene limaonetsa ngati mbewu yavomerezedwa kapena yakanidwa, linali litakankhidwira kunja kudzanja lamanja, popanda chizindikiro choti kuli kanthu.

Ndinachepetsa zilembo. Danga lija linabwerera, mawu ofiira ali mbwee kuyambira pamwamba mpaka pansi.

A Sakala anali ataima kumbuyo kwanga. Anavala magalasi, anawerama, anayang'ana nthawi yaitali.

"Mawu amenewa anali kuti masiku onsewa?"

"Anabisika kumbali, bambo."

"Anabisika okha?"

Apa ndi pamene ndikanakhala munthu. Koma ndinadzimva ndikunena kuti, "Makinawa nthawi zina amasokonezeka okha."

Anagwedeza mutu n'kukhala pathumba. "Zaka khumi ndi zinayi ndinkalemba mtanda wa choko pathumba lililonse lokanidwa. Sindinalakwitsepo. Anabwera a m'tauni, ati choko ndi zachikale, khulupirirani kompyuta. Ndinakhulupirira." Anavula magalasi aja. "Anthu akuti mbewu yabwino ndinaigulitsa kwina. Lamulungu lapitali kutchalitchi, nthawi yopatsana moni wa mtendere, ndinatambasula dzanja kumanja ndi kumanzere, palibe analilandira. Tiyeni, pali munthu amene ndikufuna mumuuze zimene mwaonazi."

Ananditengera kumunda wa a Dolika, mayi wamasiye wa ana anayi. Mizere inali yopangidwa mwaluso, yosalala, yopanda udzu, koma yopandanso mtedza. Apa kambewu kamodzi, kenako uyende masitepe khumi usanaone kena. A Dolika anafukula ndi chala n'kundionetsa njere yowola.

"Nsawa ndi ya mvula yoyamba, bambo," anatero. "Ndikabzalanso manje, ndidzakolola makoko chabe."

Ndinawafotokozera kuti a Sakala sanalakwe, kuti kompyuta ndiyo inabisa mawu. Mayiwo anagwira pakamwa, anagwada m'matope momwemo n'kupepesa kwa a Sakala chifukwa cha zimene anawanenera. Kenako anathamangira kunyumba n'kubwera ndi mango odzaza kathumba.

"Tengani, bambo. Mulungu akudalitseni chifukwa chobwera kudzafufuza chilungamo."

Ndakhalapo ndi manyazi m'moyo wanga, koma sindinayambe ndalakalaka kuti nthaka ing'ambike ngati tsiku limenelo. Mango ndinalandira, ndi manja awiri.

Pondiperekeza kumsewu, a Sakala anaima n'kundigwira paphewa. "Ndinakuweruzani molakwa, a Tembo. Auzeni ankhoswe anu abwere Loweruka la sabata yamawa. Ndipo izi za bambo, bambo, zithe. Muzinditchula amalume."

* * *

Lachisanu titaweruka, Jesca anandikokera kumsika wa Kapata. Anali akuuluka ndi chimwemwe. Anagwira dzanja langa pagulu, chinthu chimene sankachita, ndipo anandiimika pabenchi ya zitenje.

"Ichi ndi cha mtundu wanji kwenikweni?" anandinong'oneza, kuti wogulitsa asamve. "Ndikuona ngati chobiriwira."

"Chobiriwira, cha maluwa achikasu."

"Chindikhala tsiku la ankhoswe?"

"Chikukhala. Jesca, pali nkhani ina ya ku Chipangali..."

"Ndamva zonse, amalume anandiimbira. Ati uli ndi maso a nkhwazi. Amalume anga, kuyamikira munthu! Mwandi, ndinakhala pansi." Anaika chitenje paphewa n'kuzungulira. "Ndinkadziwa kuti sudzandichititsa manyazi."

Ndinadziuza kuti ndimuuza Loweruka. Loweruka ndinati munthu asasokonezedwe asanapite ku Misa. Lamulungu ndinati zaterezi zimafuna Lolemba. Lipoti limene ndinalembera bwana linangonena kuti vuto linali la maonekedwe a sikirini ndipo lakonzedwa. Silinanene bodza, koma silinanenenso zoona.

* * *

Lolemba cha m'ma 11, Irene analowa m'kachipinda kanga osagogoda. Anakhala patebulo, miyendo atapingasa, pepala lili m'manja. Irene ndi mkazi wokongola amene saiwala kanthu, ndipo ine ndinamusiya moipa, ndi meseji ya mizere iwiri.

"Mkwati, mwadzuka bwanji?"

"Ukufuna chiyani, Irene?"

"Bwana sanakhutire ndi lipoti lako. Ati makina sasokonezeka okha. Anandituma ndifunse eni pulogalamu ku Lusaka kuti anasintha ndani." Anandiikira pepalalo patsogolo. "Werenga. Kapena ndikukulitsire zilembo?"

Panali tsiku, pa 14 Okutobala. Panali nthawi, 12:47. Panali dzina la amene analowa pakompyutayo: Jesca Mwale. Tsiku lija sindinalowe ndi dzina langa, ndinangopitiriza pamene iye anatsegula. Mwayi woti wantchito aliyense asinthe makompyuta onse ndinkayenera kuutseka kalekale, ntchito imene chaka chonse ndinkati ndichita mawa.

"Ine ndikudziwa kuti Jesca sadziwa ngakhale pamene mabatani amenewo amakhala," anatero Irene. "Ndikudziwanso amene amatseka chitseko nthawi ya lanchi. Koma pepala silidziwa zimenezo."

"Usalipereke. Ndikupempha."

"Ndiye dzina langa liipe chifukwa cha iwe? Kawiri? Iyayi." Anatsika patebulo n'kukonza siketi. "Bwana Nyirenda abwera fotini awazi, ndipo alipeza patebulo pawo. Sindikufuna kanthu kwa iwe, Philemon. Ndikungofuna ndione ngati kwa iye uli mwamuna kuposa mmene unalili kwa ine."

Anatuluka, fungo la mafuta ake n'kutsala. Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti sananame paliponse.

* * *

Ndinamuitanira Jesca kuseri kwa shedi, pamene madalaivala amatsukira magalimoto. Ndinamuuza zonse ndikuyang'ana nsapato zanga, za batani lija, za sikirini yaing'ono, za pepala la Irene. Anamvetsera osandidula.

"Unadziwa liti?"

"Lachinayi."

"Lachinayi." Anabwereza pang'onopang'ono. "Ndipo Lachisanu unandisiya ndikuvina ndi chitenje mumsika."

"Ndinkaopa kukutaya."

"Amalume anagona masiku angati anthu akuwatcha wakuba? Sunaope zimenezo?"

Anatembenuka, anayang'ana kumapiri amene mwina sankawaonanso bwino.

"Ndipita kwa bwana," ndinatero. "Ndikanena kuti ndine."

"Ukanena kuti ndiwe, ndiye kwatha. Unawayang'ana amalume m'maso n'kuwauza kuti makina anasokonezeka okha. Unalandira madalitso awo. Ukuganiza kuti adzandipereka kwa iwe? Ngakhale papite zaka khumi." Anapukuta nkhope ndi mpango. "Ine ndine mwana wa mlongo wawo. Chibale ndi fupa, sichiola. Adzandikalipira lero, mawa adzandiitana. Pepala likunena ine, ndiye zikhale choncho. Ndikanena kuti ndinakulitsa ndekha chifukwa cha maso."

"Ntchito yako, Jesca. Chinsinsi chako."

"Ntchito ndidzapeza ina maso akachira. Usandiyese wabwino, Philemon. Ndakwiya nawe moti sindikufuna ndi kukuona komwe. Koma ukwati wanga sindiutaya chifukwa cha batani."

Ndinatsutsa. Koma poti ndayamba kunena zoona, ndimalize: ndinatsutsa motsitsa mawu, ndipo pansi pa mtima panali kachimwemwe konyansa koti ndapulumuka.

Itakwana 2 koloko masana, a Boyd Nyirenda, bwana wathu, anamuitana. Ndinakhala m'kachipinda kanga chitseko chili chotsegula, ndikuwerenga mphindi. Zinakwana makumi awiri ndi zisanu. Jesca anatuluka ndi envulopu ya kalata yomuchotsa ntchito, anatenga chikwama chake ndi kapu yake ya tiyi, n'kudutsa pakhomo panga osacheuka. Irene anali ataima pafupi ndi makina osindikizira. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anapukusa mutu, n'kubwerera pampando wake.

* * *

Jesca ndinamuimbira kasanu, sanayankhe. Ndinatumiza uthenga wa mawu, unamvedwa, koma yankho silinabwere. Cha m'ma 4 foni inalira, ndipo ndinaitola mothamanga. Sanali iye.

"A Tembo, ndine Sakala."

"Amalume."

"Abwana andiimbira. Ati ndibwerere pantchito mawa." Mawu awo analibe chimwemwe. "Andiuzanso amene anachita. Ndalankhula naye mwiniwake, wavomera."

"Amalume, Jesca sanadziwe kuti..."

"Musamuikire kumbuyo. Za maso, ndikanamumvera chisoni. Ndikanagulitsa ng'ombe kumutengera kulikonse. Koma mwana amene ndinamulera ndi manja angawa anadziwa kuti anagwira makinawo, ndipo anakhala chete ine ndikutukwanidwa. Anakutumani inu kudzafufuza chinthu chimene anachita yekha. Anakupusitsani, a Tembo, monga anandipusitsira ine."

Ndinaimirira, ndinakhalanso pansi.

"Ndiye mverani," anapitiriza. "Ankhoswe anu asabwere Loweruka. Sindikukukanani inu ayi. Inu mwandionetsa kuti ndinu munthu woona, ndipo sindingakupatseni mkazi wobisa zinthu, mawa mudzanditukwane. Jesca ndikudzamutenga ndekha, akakhale kumudzi mpaka aphunzire kunena zoona."

"Amalume, chonde, mundimvere kaye..."

"Mtima wanu ndaumva, ndi wabwino, n'chifukwa chake ndikukupemphani ichi. Lachitatu m'mawa ndaitanitsa alimi onse padepoti. Mawu anga sawakhulupiriranso, koma inu amakukhulupirirani, a Dolika akhala akukutchulani mudzi wonse. Jesca adzaima pamenepo. Inu mudzawaonetse pakompyuta mmene zinachitikira, ndipo mudzamutchule dzina ndi pakamwa panu, anthu amve. Mubwera?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti ndine, amalume, ndine ndinadina, mwanayo akungondisenzera. Mawuwo ndinawakonza onse, ndinawamva m'mutu mwanga mmene adzamvekere.

"A Tembo? Muli pomwepo?"

"Ndili pano, amalume," ndinayankha. "Ndibwera."